Ntchafu imene anandilanda pachinkhoswe

Loweruka lapitali, cha m'ma 2 koloko masana, mlongo wanga anandilanda ntchafu ya nkhuku m'manja, anthu a midzi iwiri akuona.

Kunali chinkhoswe cha mwana wake Tiyamike, kwathu kuno ku Nsaru. Ine ndine malume ake, choncho nkhoswe ya kuchikazi ndinali ine. Mwambo mukuudziwa. Akabweretsa nkhuku yootcha, ankhoswe a mbali zonse amanyotsola, aliyense n'kudya nthuli yake poyera. Mukatero ndiye kuti mwavomera kusenza limodzi nkhani za banjalo.

A Gwaza, nkhoswe ya kuchimuna ochokera ku Kabudula, ananyotsola phiko. Ine ntchafu. Ndisanaifikitse pakamwa, dzanja linatulukira kumbuyo kwanga.

"Iyayi achimwene! Mukufuna tikunyamuleni pangolo?" anakuwa mlongo wangayo. "Awatu ali ndi BP, anthuni. Apatseni nthochi."

Woyendetsa mwambo naye sanachedwe. "Amalume lero akusala kudya! Ntchafu ipite kwa athanzi!"

Anthu anafa nacho chiseko. A Gwaza sanaseke. Anabweza phiko lawo m'mbale osaluma.

Matenda othamanga magazi ndili nawo ndithu, sindibisa. Mankhwala ndimamwa m'mawa uliwonse. Mchere ndinachepetsa. Pachiwaya ndimadutsa ngati ndilibe mphuno. Ndiwo zanga ndi nyemba, nkhwani wotendera, bonongwe, usipa. Koma adokotala sanati nyama ndisiyiretu. Anati kamodzikamodzi ndizidya, ndichotse khungu, ndisachulutse, chifukwa chimene chimagwetsa munthu ndi mbale ya tsiku ndi tsiku.

Sabata yonse ndinadzisunga poyembekeza ntchafu imeneyo.

Kodi tinayamba liti kumuyesa mwana munthu wodwala? Zikangomveka kuti uje ali ndi BP kapena shuga, mudzi wonse umasanduka madokotala. Komatu madokotala ake ogwira ntchito pagulu pokha. Mlongo wangayu sanabwerepo kudzandifunsa ngati mankhwala ndikadali nawo. Ndikamuyendera, ndiwo zake zimasambira m'mafuta, mchere wake wochita kuwawa, ndipo ndikasiya amati ndayamba matama. Kwake palibe womuona. Pachinkhoswe panali anthu, ndiye anakumbuka moyo wanga.

Mukudziwa kumene amapita anthu amene mumawalanda mbale? Kuseri.

Alipo bambo wina mumpingo mwathu, sindimutchula. Kunyumba amamupatsa masamba owiritsa okhaokha, chaka chonse, Khirisimasi yomwe. Tsiku la msika mukamupeza kuseri kwa chigayo ndi jumbo ya kanyenya wa nkhumba, akumeza msangamsanga ngati wakuba. Munthu amene akanakhutira ndi nthuli imodzi patebulo amamaliza jumbo yonse ataimirira. A kunyumba kwake amanyadira kuti amamusamala. Akumusamaladi, eti?

Mwambo utatha, a Gwaza anandikokera pambali.

"Achimwene, ife tachokera kutali. Nkhuku simunadye. Tikanene chiyani kwathu? Mwana wathu mwamulandira, kapena pali mawu?"

Ndinawafotokozera za matenda. Anangoti, "Tamva," n'kukakwera galimoto. Pasanapite nthawi Tiyamike anabwera maso ali ofiira.

"Amalume, apongozi akufunsa ngati kwathu kuno simukumufuna mwamuna wanga."

Mwanayu akukalowa m'banja la eni ali ndi chikaiko pamutu, chifukwa cha ntchafu imodzi imene sikanandipha.

Amayi ake akuti anachita zimenezi pondikonda. Sindikutsutsa. Koma wondikonda akanandinong'oneza. Akanandifunsa dzulo lake kuti, "Achimwene, mawa kuli nkhuku, adokotala anati bwanji?" Ndikanamuyankha. Thupili ndi langa, ndimalidziwa likamalemera, ndipo amene amaimirira pamzere kuchipatala ndine. Kodi munthu amene mwamukhulupirira kuti aweruze nkhani za banja la mwana wanu angalephere kuweruza mbale yake?

Inu amene muli ndi wodwala pakhomo, muthandizeni pamphika wa Lolemba mpaka Lachisanu. Chepetsani mchere, chepetsani mafuta, idyani naye zomwezo. Likafika tsiku la chisangalalo, chotsani dzanja lanu pambale yake.

Lamulungu m'mawa ndinamwa mankhwala anga ndi phala la mgaiwa. Mayi a kunyumba anaotcha tambala wathu, ndinamuika m'mbale, n'kuimanga pakaliyala wa njinga, n'kupalasa ulendo wa ku Kabudula. Kutchalitchi ndinajomba. A Gwaza ndinawapeza akuvala jekete. Ataona mbale ya nkhukuyo anavula jeketeyo, n'kuitana abale awo kuti adzaone. Tinakhala pakhonde. Iwo phiko, ine ntchafu, khungu ndinachotsa ndekha. Titatha anandikankhira mbale kuti nditengenso.

"Zikomo, achimwene," ndinatero. "Yakwana."