Mchira wa Thumba la Feteleza

Lero ndikusita zovala kuntchito kunja kuno ku Constantia, ana a abwana anga amafa ndi phwete poonera filimu ya mkazi wamchira wa nsomba wokondana ndi kalaliki. Ndinazimitsa ayironi.

Filimu yotere ndinaionera m'kanyumba ka vidiyo pamsika kwathu ku Machinga ndili mwana. Mkaziyo ankabisa mchira m'bafa chibwenzi chake chikabwera, tonse n'kugwa nacho chiseko. Akamira ankavuuka akumwetulira, tsitsi losanyowa n'komwe. Ndinakhulupirira.

Mawa lake ndinalowetsa miyendo ya mng'ono wanga Asiyatu m'thumba la feteleza, n'kumanga ndi luzi, n'kumukankhira padziwe lochapira. Ndinadikira mchira ndikuwomba m'manja. Kunangotuluka thovu.

Amayi anadumphiramo ndi chitenje chomwe, namuvuula, n'kumufinya pamimba mpaka anasanza matope. Kenako anathyola nsungwi. Anandikwapula mpaka inang'ambika, magazi ali chuchuchu m'miyendo.

"Ukufuna kundiphera mwana, mfiti iwe?"

"Amayi, mufilimu muja sanafe!"

Anandiwonjeza mbama.

Filimu ija inali yokoma ndithu, koma inaiwala kunena kuti madzi amapha. Zimenezo inandiuza ndi nsungwi, ndipo zipsera zake ndidakali nazo.