Tsiku Limene a Goma Analira m'Chisenga

Ntchito yanga yoyamba inandipeza ndikuchotsa maukonde a akangaude kudenga la nyumba ina ya alendo pa Chama boma. Sindinali wantchito pamenepo. Ndinkangothandiza azakhali anga amene ankasesa m'zipinda, poti nditamaliza sukulu ndinalibe kolowera. Ndinali nditakweza nsungwi yaitali, tsache kunsonga, pamene mnyamata wina wa tsitsi lopota anaima pakhomo n'kumandiyang'ana ngati akusankha mbuzi pamsika.

"Iwe sisi, ungagwile so mpaka liti osatsitsa manja?" anafunsa.

Ndinamuyankha kuti mpaka atasiya kundiyang'ana. Anaseka, n'kufunsa dzina langa. Ndinati ndine Tamala. Mawa lake ndinali munthu wa filimu.

Mnyamatayo anali Kelvin, wojambula mawu. Anabwera ndi kagulu ka anthu a ku Lusaka kudzajambula filimu yoseketsa. Mkulu wawo anali a Chileshe, bambo wa maso ofiira chifukwa chosagona, amene ankakhulupirira filimu yawo ndi mtima wonse ngakhale analibe chilichonse chokwanira. Kamera inali imodzi, jenereta yobwereka, magitala awiri ndi ng'oma zomangamanga ndi waya. Nkhani yake inali ya munthu wa masewera ogwetsana aja a pa tivi, amene ana amati resiling'i. Munthuyo, dzina lake Njovu, ankangogonja masiku onse, ndipo akagwetsedwa ankalira kuitana amayi ake. Koma akangomva gitala wa roko akulira, mphamvu zinkabwera, n'kudzuka kukuntha aliyense. Nkhani yopusa, inde, koma tinkaseka mpaka nthiti kuwawa.

Ine anandipatsa bumu. Ndi ndodo yaitali ya chitsulo chopepuka, kunsonga kwake kuli maikolofoni yovekedwa ubweya kuti mphepo isamveke. Chingwe chake chinkapita ku kamakina kolendewera pachifuwa cha Kelvin. Ntchito yanga inali kugwira ndodoyo pamwamba pa mutu, manja onse m'mwamba, maikolofoni italoza pakamwa pa wolankhula, koma isalowe m'chithunzi, ngakhale mthunzi wake. Zala sizisuntha, chifukwa ukangotsetsereka pang'ono m'makutu mumamveka ngati bingu. Zibangiri anandivula, mapatapata anandivula. Tisanayambe malo atsopano tinkajambula bata la malowo, aliyense ali chete, ndipo m'pamene ndinadziwira kuti Chama sakhala chete: njiwa, njinga, chigayo chakutali, mwana wa munthu wina. Kelvin ankavala mahedifoni aakulu, ine anandipatsa ang'onoang'ono kuti ndizimva ngati ndaloza bwino.

Lamulo lalikulu anandiuza tsiku loyamba. "Kamela ikayamba, iwe ndiwe mtengo. Ngakhale njoka ikukwele. Wokamba kuti kati ni ba Chileshe cabe." Kati ndi mawu oimitsira kujambula.

Wosewera Njovu sanachokere ku Lusaka. Anali a Goma a ku Kambombo, amene ankasenza matumba a chimanga kudepoti. Munthu wamkulu ngati chitseko cha tchalitchi, koma wofatsa, woseka ndi thupi lonse. A Chileshe atawaona atanyamula thumba paphewa lililonse, anawalondola mpaka kunyumba. Akazi awo, a NyaKumwenda, ogulitsa tomato pamsika, sanafune n'komwe. Ndinaliko tsiku limenelo, ndikumasulira Chisenga, chinenero cha kwathu. Anati anthu ena ali ndi ng'ombe, ena ali ndi malipiro a boma, koma iwo munda wawo ndi msana wa amuna awo, ndiye sangaubwereke anthu oti akauponye pansi kuti ena aseke. A Goma anangoti ndi masiku ochepa chabe, ndipo ana adzawaona bambo awo pa tivi. Mayiwo sanabwereko kudzaonerera ngakhale tsiku limodzi.

Wogwetsana nawo anali mnyamata wonyamula zitsulo wa ku Lusaka, ndipo ndi amene anawaphunzitsa kugwa. Kugwa kuli ndi sukulu yake: chibwano pachifuwa, manja otambasula, msana wonse ufike pansi nthawi imodzi. Anagwirizananso kuti zikapweteka zenizeni, a Goma akweze chibakera m'mwamba, zonse ziima. Izi zinali zofunika, chifukwa kulira kunali kale m'sewero. Akagwa ankakuwa m'Chinyanja cha m'tauni chimene anawalembera: "Amai, bwelani munitenge, anipaya!" Anthu ankachita kugubuduka ndi phwete.

Munthu ukamumvera m'mahedifoni masabata angapo umamudziwa kuposa abale ake. Ndinkadziwa kupuma kwa a Goma, kulira kwa m'mimba mwawo nthawi ya nkhomaliro ikapitirira, nyimbo ya kutchalitchi imene ankang'ung'udza akamadikira kamera. Akamaliza kulira kwawo kwabodza, ali chigonere, ankanong'oneza poti ankadziwa kuti ndikumva: "Tamala, nalila bwino?" Ine manja ali m'mwamba, ndinkangogwedeza chala chakuphazi.

Ringi, malo ogwetsaniranapo, tinaimanga tokha pabwalo la mpira. Pansi matayala akutha, pamwamba pake matabwa, kenako matiresi, n'kuphimba ndi tenti ya buluu. M'makona munali mitengo ya tsanya, zingwe zake zolowetsedwa m'mapaipi othirira. Inkaoneka yenizeni pa kamera. Koma matiresiwo anali obwereka kwa anthu, ndipo filimu itapitirira masiku amene analonjeza, eni ake anayamba kudzatenga. Munthu sungamuletse matiresi ake. Pofika tsiku lomaliza, pakati pokha m'pamene panali pofewa. M'mbali tinaikamo makoko a chimanga ndi makatoni. Aliyense ankadziwa, ndipo aliyense anauzidwa kuti kugwa konse kuchitikire pakati.

Oimba magitala ndi ng'oma, amene ankakhala pambali pa ringi, anali vuto lina. Mwa dongosolo lake, pojambula mawu a osewera oimba amangoyerekeza kuimba, oonerera amangotsegula pakamwa, phokoso limaikidwa pambuyo. Kelvin anafotokoza mpaka mawu kutha. Koma uzani anthu a pa Chama kuti akondwere mwakachetechete, muone. Ndipo woimba ng'oma sankatha kumenya mpweya. A Chileshe anatopa nazo, anati aliyense asokose mmene angathere, Tamala ayandikitse maikolofoni.

Tsiku lomaliza linali la mu Okutobala, kutentha kuja kwa m'chigwa kumene ngakhale agalu amaleka kuuwa. Tenti inkatentha mapazi. Mafuta a jenereta anali otsala pang'ono, minibasi yodzatenga anthu a ku Lusaka aja inali itafika kale, dzuwa linkapendeka. A Chileshe anati ndewu yomalizayi tijambula kamodzi, osaima. Dongosolo linali lakuti mnyamata uja anyamule a Goma, awaponye chagada, awakhalire pachifuwa atapanikiza manja awo ndi mawondo, kenako awagwire miyendo n'kuwakoka kuzungulira ringi yonse. Akatero gitala alire, Njovu adzuke.

Anthu anadzaza bwalo, ena m'mitengo. Ine ndinaima pa tebulo pambali pa ringi, thukuta likulowa m'maso. Zinayamba bwino. Koma ponyamula paja, thupi la a Goma linali lonyowa ndi thukuta, manja a mnyamatayo anaterereka, ndipo anadzandira kupita kukona asanawasiye. Anagwera pa makoko aja, chopindika.

Bwalo lonse linaphulika ndi chisangalalo. Ine m'makutu mwanga ndinamva kaphokoso kakang'ono, ngati munthu wathyola chinangwa chouma. Mnyamata uja anawakhalira, mawondo pamanja, monga mwa dongosolo. Ndinadikira mawu aja oitana amayi. Sanabwere. Kunabwera kupuma kwachilendo, kenako mawu apansipansi, m'Chisenga:

"NyaKumwenda, malundi ghane ghali nkhu? Nkhughapulika yayi."

Ankafunsa akazi awo kuti miyendo yawo ili kuti, sakuimva.

Ndinacheukira Kelvin. Anali atatsinzina, akumwetulira, chala chachikulu m'mwamba. Kwa iye mawu ankalowa bwino, ndipo Chisenga sankachimva. Anthu amene akanamva tanthauzo lake anali mazana pabwalopo, koma palibe amene akanamva kunong'ona pakati pa ng'oma ndi jenereta. Chibakera sichikanakwera, manja anali pansi pa mawondo a munthu. Pa anthu onsewo, amene anamva ndi kumvetsa ndinali ine ndekha, ndipo ndinachita mantha kwambiri.

Ndinakuwa kuti kati. Mawu anga anamira m'phokosomo. Mnyamata uja anali atadzuka kale, akuonetsa minofu kwa anthu, akupita kumiyendo. Ndinatsitsa bumu pakati pa kamera ndi ringi, koma wogwira kamera anangosuntha kuti andilambalale. Ndiye ndinaiponya pansi, n'kudumphira mu ringi. Ndinafika atawagwira kale akakolo, atawakoka pang'ono. Ndinagona chopingasa pamiyendo ya a Goma n'kumuluma dzanja mnyamatayo.

Anthu anaseka kuposa kale lonse. Ankaganiza kuti ndi mmene filimu inalembedwera. Woimba gitala, poona kuti nthawi yake yakwana, anayamba kuliza, ndipo bwalo lonse linayamba kuimba kuti Njovu dzuka, Njovu dzuka. Sindidzaiwala nkhope ya a Goma pamenepo. Ankayesadi kudzuka.

A Chileshe anafika atakwiya kwambiri. "Nindani wakamba kati? Wationongela filimu, iwe mwana!" Ndinawauza zimene ndinamva. Anayang'ana a Goma, n'kugwada, n'kuwatsina chala chakuphazi. Anawatsinanso mwamphamvu. Kenako anangokhala pa tenti yotenthayo. Sanali munthu woipa. Ndikanakonda akanakhala woipa, bwenzi ndili ndi womuda.

Anthu ena ankafuna kuwadzutsa kuti awawongole msana. Mwamwayi panali namwino wina amene anabwera kudzaonerera, anawakalipira onse kuti asawagwire. Tinazula chitseko cha kalasi ya pasukulu yapafupi, kuwasunthira pamenepo pang'onopang'ono mutu utagwiridwa, n'kuwakweza m'minibasi ija. Kuchipatala cha pa boma anawatumiza kuchipatala chachikulu, ulendo wautali pamsewu wa mabampu. Anabwerako mvula itayamba, ali pa njinga ya olumala. Madokotala anati kugwa kuja ndi kumene kunawononga. Za kukokedwa kuja anati sangadziwe. Ine ndimaganizabe za kanthawi kamene ndinataya pocheukira Kelvin.

Filimu yonse sinatuluke. Koma munthu wina wa m'gululo anadula kachigawo ka ndewu yomaliza, kuyambira kugwa mpaka mtsikana wopenga akuluma munthu, n'kukatumiza pafoni. Kanayenda. Ku Lusaka akuti kanaseketsa anthu kwambiri. Kuno kanafika kudzera mwa anyamata oika nyimbo m'mafoni pamsika, ndipo kuno anthu ankaseka mpaka pa mawu aja, n'kukhala chete, n'kubwerezanso kuti amve bwino. Ankamveka bwino zedi. Phokoso lonse lija linali kumbuyo, mawu a a Goma ali patsogolo, oyera. Kelvin anandiimbira foni kundiuza kuti sanaonepo wophunzira wogwira bumu choncho. Ndinadula foniyo.

Ndinkazemba njira ya kumsika. Koma tsiku lina a NyaKumwenda ananditumizira uthenga kuti ndikawaone pabenchi lawo. Ndinapita ndikuyembekeza kutukwanidwa. Anandipatsa mpando, n'kupitiriza kuunjika tomato. A Goma sanawauzepo zimene ananena ali pansi paja. Mayiwo anazimvera pafoni ya mnyamata wogulitsa makala pafupi nawo.

"Mazgu ghala, ndiwe ukakora?" anafunsa, kutanthauza ngati ndine ndinajambula mawuwo.

Ndinavomera. Anafunsa ngati ndingawafufute. Ndinati sindingathe, ali m'mafoni a anthu kuyambira kuno mpaka ku Lusaka. Anapukutapukuta tomato mmodzi yemweyo ndi chitenje. Kenako anamasula kafoni kawo pamfundo ya chitenjecho n'kundipatsa. Anati ndiwaikire iwonso, chifukwa dziko lonse lamva amuna awo akuwaitana, koma iwo amene ankaitanidwa panalibe.

Ndinawaikira.

Ntchito ya mawu sindinaisiye. Manje ndimajambula makwaya ndi masewero a pa wailesi, ndili ndi bumu yangayanga. Koma ndisanavale mahedifoni ndimauza wotsogolera aliyense kuti pa ntchito yanga wonena kuti kati si iye yekha, ndipo amene sakufuna akafune wina. Osewera ndimawafunsa chinenero cha kwawo. Ambiri amadabwa, amati sewero lonse ndi la Chinyanja, nanga cha kwawo ndichifuniranji. Ndimawauza kuti ndikufuna kudziwa chimene adzalirire zikadzawapweteka zenizeni.