Ndinali wolawa kachasu wa achimwene

Chizindikiro choyamba chinali maso. Munali mu Ogasiti, nthawi yokolola nandolo kwathu ku Nkhulambe, pamene amayi anandiyang'anitsitsa n'kunena kuti maso anga asanduka achikasu. Mkodzo unali wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo pansi pa nthiti chakumanja pankapweteka. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Achimwene anga a Fulaye, oyamba kubadwa m'banja mwathu, ankagulitsa kachasu kuseri kwa nyumba yawo. Kwathu wogula samwa mowa mwiniwake asanalawe, kuopa chiphe. Ntchito yolawayo anandipatsa ine ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Ogula ankaomba m'manja, achimwene n'kumati, "Mwamuona mphwanga? Mwamuna weniweni uyu." Ine ndi uchitsiru wanga ndinkamva kukoma. Sukulu ndinaisiyira fomu thu, ndipo m'mawa manja ankanjenjemera mpaka nditalawa.

Nditadwala, achimwene, adokotala athu akuseri kwa nyumbawa, anagamula kuti ndi njoka za m'mimba. Mankhwala ake anati ndi mutu wa kachasu, uja woyamba kudontha, wothira tsabola. Ndinamwa sabata ziwiri. Mimba inatupa, miyendo inatupa, ndipo Lachiwiri lina m'mawa ndinasanza magazi. Amayi, ndi msana wawo wovuta, anandikankha panjinga mpaka kuchipatala chaching'ono. Achimwene anati sangasiye makasitomala.

Ambulansi tinaidikira mpaka masana, n'kutitengera kuchipatala cha boma. Ananditenga magazi, anandiika dripi, mawa lake anandijambula m'mimba. Masiku atatu oyamba ndinkanjenjemera thupi lonse, thukuta kamukamu, chifukwa chosowa mowa. Anamwino ankabwera m'mamawa kudzandiyeza ndi kundipatsa mankhwala, amayi akuphika phala kumalo a magadiyani. Adokotala atandifunsa kuti ndinayamba liti kumwa, ndinawauza zoona. Anati, "Chiwindi chako chatupa kwambiri. Uli ndi mwayi kuti ndiwe wamng'ono, chikhoza kuchira. Koma ukadzalawanso, ife tidzalephera."

Ndinagona m'wodimo sabata zitatu. Achimwene anabwera kamodzi, chimanjamanja. Anadya nthochi zimene amayi anandigulira, n'kuuza odwala anzanga kuti ndinabadwa wofooka. Munthu wotere kumuyankha n'kutaya malovu.

Tsopano papita zaka ziwiri osalawa ngakhale dontho. Maso anayera, mimba inaphwa. Ndimapita kukayezetsa pa tsiku limene andilembera, mchere ndinachepetsa, ndipo ndimalima chinangwa ndi amayi, ngakhale thumba la nandolo sindingalisenze ndekha. Achinyamata anzanga, mukaona maso asintha kapena mimba ikutupa, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Sabata ziwiri zimene ndinataya zikanandipha. Ndipo m'bale wako akakupatsa kapu, ubale sukhala mankhwala a chiwindi.

Achimwenewo ali bwinobwino, anenepa, masaya phwii. Mwezi watha tinakumana pachigayo, ndipo ndinawafunsa chimene ndinkafuna kudziwa kuyambira ndili m'wodi: n'chifukwa chiyani sankalawa okha mowa wawo? Anandiyang'ana modabwa ngati ndafunsa zamisala.

"Ine ndizilawa botolo lililonse?" anatero. "Aphwanga, mukufuna ndife?"