Enelesi Akhala pa Sikana

Enelesi anakulira ku Nzama, nakwatiwa ndi Bizwell, mwini kashopu ka fotokope pa boma la Ntcheu. Enelesi ankagulitsa mbatata ya kachewere pakhonde la shopuyo, ndipo aliyense wolowa ankamuona.

Chaka chatha kunayamba kubwera Cathy, namwino wa pakiliniki ina ya mano. Ankabweretsa timafilimu ta ekisileyi kuti Bizwell atijambule pa makina a sikana n'kutiika m'kompyuta, titumizidwe kwa dokotala ku Blantyre. Zithunzi zoyamba zinatuluka zakuda bii. Zotsatira, mizu ya dzino inkangooneka ngati utsi, dokotala n'kuzibweza. Choncho Cathy ankangobwerabwera, awiriwo n'kuweramira kompyuta, mapewa atagundana, akuseka.

Enelesi mtima unkamuwawa. Wogula akafunsa za mbatata, ankayankha maso ali pazenera.

"Kodi abambo, mano amenewa satha?" anafunsa tsiku lina.

"Ndi ntchito, mayi. Makinawa ngovuta."

"Ndiye ndiphunzitseni."

Bizwell anaseka. Enelesi sanaseke.

Mwamunayo anamuonetsa monyinyirika zomwe dokotala anawalangiza pafoni. Filimu imafuna kuwala kochokera pachivundikiro cha sikana, osati pansi ngati pepala. Usasankhe zakuda ndi zoyera zokha, sankha zotuwa. Ukachepetsa timadontho topanga chithunzi, chimaphwanyika pochikulitsa. Ukawalitsa kwambiri, kabowo ka m'dzino kamasowa. Enelesi ankabwereza mpaka maso kuwawa, mano ali gwa, akulingalira kaseko ka Cathy.

Cathy atabweranso anapeza Enelesi ali pampando.

"Abambo ali kuti?"

"Atanganidwa. Ikani apa, achemwali."

Enelesi anapukuta galasi ndi kansalu kofewa, nagwira filimuyo m'mphepete. Chithunzi chinatuluka bwino, mizu yonse poyera, ndipo dokotala sanachibweze.

Masiku ano Cathy akafika amangopereka moni kwa Bizwell pakhonde n'kulowa. "Amayi alipo?" Poti mbatata singasiyidwe yokha, Bizwell ndiye amaiyang'anira, akumva akazi awiriwo akucheza m'kati.

"Makina ndinagula ndine," amadandaula kwa ogula, "koma otamidwa ndi ena."

Enelesi amangopitiriza ntchito yake. Anamuzolowera Cathy, moti nthawi zina amamuikirako mbatata m'jumbo. Komabe namwinoyo akamatuluka, Enelesi amadzuka n'kumuperekeza mpaka kumsewu, akuyenda pakati pa iye ndi Bizwell.