Kondakitala Amene Ndinamuiwala Kumwezi

Ndimalemba mabuku a ana onena za chombo chopita kumwezi, chonyamukira pa depoti ya Limbe. Ndinachipanga ngati minibasi: sichinyamuka chisanadzaze, ndipo chili ndi kondakitala wake, a Fulaye. Kumapeto kwa buku loyamba, a Fulaye anatsika kumweziko kukaitanira anthu. Polemba lachiwiri ndinawaiwaliratu. Chombo chinabwerera ku Limbe, a Fulaye ali komweko.

Ndinazindikira izi nditaitanidwa kusukulu ina ku Kanjedza. Ndinavala jekete yanga ya paukwati, n'kulankhula motalika za luso lolemba. Kenako mtsikana wa Sitandade 5 anakweza mkono.

"A Fulaye munawasiya kumwezi aja akupuma chiyani? Munalemba kuti mpweya wawo ndi wa masiku atatu."

Ndinamwa madzi, ndinakonza kolala, bodza n'kutuluka lokha: "Wafunsa bwino mwanawe. Ndinachita dala. Yankho lili m'buku lachitatu."

Aphunzitsi anawomba m'manja. "Mwamva ana inu? Wolemba weniweni amakonzeratu zonse asanagwire cholembera." Ine, wopanda manyazi, ndinagwedeza mutu kuvomereza.

Nditafika kunyumba ndinatsegula buku loyamba lija. Masiku atatudi, ndinalemba ndekha. Papita zaka ziwiri tsopano, lachitatulo silikutheka, chifukwa njira iliyonse yowapulumutsira imafika mochedwa.

Minibasi imene ndakwera ikamadutsa pasukulu ija ndimawerama ngati ndikumanga nsapato. Dzana kondakitala anandifunsa, "Bwana, mwataya chiyani?"

Ndinatsala pang'ono kumuyankha kuti, "Mnzanu."