Khadi la Ubatizo Linandilanda Choko

Inu owerenga, ntchito ya uphunzitsi inandithera chifukwa cha kunyada kwanga, ndikuvomera. Koma mkwiyo wanga pa munthu amene anandipereka sunazizirebe mpaka lero.

Kwathu ndi kwa Tengani. Mayi anga atatsala pang'ono kuchira, anawoloka Shire kupita kwa amayi awo ku Mozambiki, monga ankachitira aliyense wa mimba yoyamba. Ndinabadwira komweko, kubatizidwa komweko, n'kubwera kuno ndili kumsana. Bambo anganso kwawo kwenikweni kunali tsidya lomwelo. Nditakula, amalume anandiuza kuti ndipite kuboma ndikakonzetse mapepala a unzika. Ndinawaseka. Ine mlendo? Khadi la chipani ndinkagula chaka ndi chaka, nyimbo ya fuko ana ankaiphunzira kwa ine!

Ndinaphunzitsa zaka zambiri, mpaka zinamveka kuti andikweza kukhala hedimasitala. Mphunzitsi mnzanga, yemwe anali mboni pa ukwati wanga, ankaufunanso mpandowo. Iyeyu anaona khadi langa la ubatizo, lolembedwa m'Chipwitikizi, tsiku lomwe tinkalembetsa ukwati kutchalitchi. Anaisunga nkhaniyo mumtima zaka zonsezo, tikudyera mbale imodzi. Njoka ya munthu.

Lolemba lina ndili pakati pa masamu ndi ana a Sitandade 8, anandiitana ku ofesi. Bwana wochokera kuboma anati mphunzitsi wakunja sagwira choko popanda chilolezo cha ntchito. Ndinayankha kuti chilolezocho ndipempha lero lomwe.

"Pemphani, aphunzitsi," anatero bwanayo, "koma chimaperekedwa pokhapokha ngati palibe Mmalawi woti n'kugwira ntchitoyo."

Mmalawiyo, mphunzitsi mnzanga uja, anali atakhala pabenchi pomwepo, maso ali pansi.

Masiku amenewo ukanadandaula kwa yani? Kungotsegula pakamwa, unali woukira boma. Ndinachoka mayeso atayandikira, ana anga osatsanzikana nawo, ndipo zimenezo zimandiwawabe. Ndinakathera ku Ngabu, kuyeza thonje la anthu pasikelo, ana omwe ndinawaphunzitsa kuwerenga akundiitanabe kuti aphunzitsi, ine manyazi ali tho.

Inu amene munabadwira kutsidya, ndi inu amene mukufuna kukaphunzitsa kudziko la eni, musadalire zoti anthu amakudziwani. Konzani mapepala anu mudakali munthu wosawerengedwa. Tsiku lomwe mudzapeze kanthu kosiririka, woyamba kukumbukira komwe munabadwira adzakhala yemwe anavina kwambiri pa ukwati wanu.