Njanji Yopanda Sitima

Kuno ku Kasungu sitima sinapondeko, ndipo munthu akakuuzani kuti anaiona ikudutsa m'minda ya fodya, mumufunse chimene wamwa. Komabe chakufupi ndi Lisasadzi kuli kamudzi kotchedwa Panjanji. Dzinali linabwera ndi munthu mmodzi, a Rabson, ndipo analinyamula paphewa.

A Rabson anabadwira ku Balaka, m'mbali mwa njanji yeniyeni, kumene bambo awo ankagwira ntchito yokonza njanjiyo. Atakwatira a Feliya munda unawachepera, ndiye anakwera lole ya esiteti kudzakhala matenanti a fodya wa bale. Anzawo ananyamula mphasa ndi mapoto. Iwo anawonjezapo chidutswa cha njanji chimene bambo awo ankasulirapo makasu. Anthu a m'lole anawaseka njira yonse, ati kodi kumeneko mukadya chitsulo?

Atafika anachipachika pamtengo wa muwanga, pakati pa nyumba za matenanti. Akachimenya, kulira kwake kunkafika mpaka kudambo. M'mamawa chinkadzutsa anthu kuti akathirire nazale. Chigafa chikagwira moto, ankachimenya mofulumira ngati wopenga. Koma kukagwa maliro ankamenya kamodzi, n'kudikira kuti kulirako kuzimiririke, n'kumenyanso. Aliyense womva ankasiya khasu pomwepo.

Anthu a pamenepo anali otoledwa uku ndi uku: Alomwe, Asena, Ayao, Atumbuka, onse opanda mbale pafupi. Chitsulocho ndicho chinali mbale wawo. Pansi pa muwanga panamera chigayo, golosale, katchalitchi kaudzu ndi tiyirumu ya mayi Gladness, amene tiyi wawo ankati ukayang'ana m'kapu umaona pansi. Malole a mabelo ankaima pomwepo, ndipo madalaivala ndiwo anayamba kunena kuti tikumana Panjanji. Popeza manda a m'midzi salandira mlendo wamba, matenanti anali ndi awoawo kuseri kwa bulugamu. Ana awiri a a Rabson agona kumeneko.

Kenako fodya anayamba kubwerera kuchokera kuokushoni osagulidwa. Mwini esiteti atamwalira, ana ake anagulitsa malo kwa munthu wofuna kulima soya ndi makina. Makina safuna tenanti. Anthu anauzidwa kuti asamuke, koma asamukira kuti? Kwawo minda inagawidwa kalekale. Alonda a mwini watsopanoyo anabwera ndi zibonga, nathyola mkono wa bambo wina, ndipo analonjeza kuti abweranso.

Pamsonkhano wa pansi pa muwanga, Levison, amene ankatsogolera otsalawo, ananena mosapita m'mbali. "Madala, kuyambira lero chitsulochi chizilira pa chifukwa chimodzi basi. Alonda akabwera, menyani. Ife tikamva, tonse kudambo ndi ana omwe."

A Rabson anavomera, ngakhale mtima unawawawa. Chaka chimenecho anthu awiri anaikidwa chitsulo chili duu, uthenga ukuyenda pafoni. A Feliya, amene chifuwa chinali chitawagoneka pamphasa, sanazikonde.

"Bambo a kunyumba, munthu n'kupita mwakachetechete ngati nkhuku ya chitopa?" anatero tsiku lina. "Mwaimbira anthu onse a pano. Ine musadzandimane."

"Usalankhule zimenezo, Feliya."

"Ndalankhula kale. Ndikufuna anthu adzamve kuti ndinalipo."

A Feliya anatsirizika m'mawa wina wa mu Okutobala, dzuwa litangotuluka koma likuwotcha kale. A Rabson anawatseka maso, nawafunditsa chitenje. Foni analibe. Miyendo yawo inali yotupa, yosati n'kuyenda nayo khomo ndi khomo m'nyumba zomwazikana m'mindamo. Ndipo ngakhale ikanakhala yabwino, lonjezo limene anapanga mumtima kwa a Feliya linali lonjezo. Anadzikoka ndi ndodo mpaka pamuwanga.

Anaima nthawi yaitali atagwira chomenyera. Mawu a Levison ankawakumbukira bwinobwino. Koma anadziuza kuti kulira kwa maliro n'kosiyana, mwana aliyense wobadwira Panjanji amakudziwa. Adzamva kamodzi, adzadikira, adzazindikira.

Anamenya kamodzi.

Palibe amene anadikira. Kulirako kusanazimiririke, zitseko zinali zitatseguka kale. Amayi anatuluka ana ali kumsana, mitolo ili pamutu. Abambo ankakusa mbuzi, ena atasenza matumba a chimanga. Onse analunjika kudambo, fumbi lili koboo, osacheuka n'komwe. Mantha alibe makutu.

"Si alonda!" anakuwa a Rabson. "Ndi maliro! Ndi Feliya!"

Mawu a nkhalamba sanapitirire pachigayo. Anamenyanso pang'onopang'ono, monga ankachitira zaka zonsezi, koma kumenya kulikonse kunkangowathamangitsira anthuwo kutali. Chitsulo chimene chinasonkhanitsa mudzi ndicho chinaubalalitsa, ndipo wochimenya anali yemwe uja. A Rabson analira ngati mwana, dzanja osaleka.

Dzuwa litafika pamutu, Panjanji panali zii. Nkhuku zokha ndizo zinkalowa ndi kutuluka m'nyumba zosatseka. Apo m'pamene anaona munthu akubwera mwapang'onopang'ono kuchokera kutiyirumu, atamanga duku. Anali mayi Gladness, amene nawonso ukalamba unawaletsa kuthamanga.

"Ndamva, adada. Ndinabisala kuseri kwa chitseko, koma khutu linandiuza kuti uku si kulira kwa alonda. Ndi a Feliya?"

A Rabson anangogwedeza mutu.

"Aja sabwera lero. Levison anati chikadzalira akabisale m'bango mpaka mawa lake, ndipo ndamuimbira koma foni yake yazima. Nanga ndi kutentha kumeneku, mnzanga adikira?"

Onse awiri ankadziwa yankho. Ankadziwanso kuti mwamuna sakumba manda a mkazi wake, ndipo mkazi saponda kumanda ndi khasu. Imeneyo ndi ntchito ya adzukulu, koma adzukulu onse anali m'bango.

Mayi Gladness anayang'ana kudambo, nayang'ana kubulugamu. Kenako anamanga chitenje chawo molimba m'chiuno.

"Inu musaleke kumenya, mwina wina akumbukira," anatero. "Khasu lanu mumasunga pati?"